Ulemu kwa Bwana Error, mlonda wa ndondomeko

Mwa onse ogwira ntchito m'makampani masiku ano, palibe amene amatukwanidwa ngati kauthenga kofiira kamene kamatulukira pa kompyuta kumapeto kwa mwezi, kukaniza invoisi kudutsa chifukwa sitepe ina yadumphidwa. Ena amamenya kiyibodi, ena amazimitsa makina n'kuyatsanso. Ine ndikuti Bwana Error tiwavulire chipewa, chifukwa mu ofesi monse ndi okhawo amene sanataye mwambo.

Kumudzi adzukulu sakumba manda mfumu isanalamule, ngakhale dzuwa litakwera chotani. Bwana Error anakulira m'mwambo womwewo. Mu SAP, pulogalamu ya kampani ya ku Germany imene anthu asanu ochoka ku IBM anaiyambitsa mu 1972, kugula kuli ndi mzere wake. Pempho liyambe, LPO, kalata yoitanitsira katundu, ivomerezedwe ndi mabwana motsatana, a ku stores alandire katundu pa MIGO, a ku akaunti alowetse invoisi pa MIRO, ndalama zituluke pomaliza. LPO ikakhala yoti invoisi idikire katundu, yesani kulowetsa invoisi simenti isanatsike m'lole. Mudzawaona. Sasamala kuti wogulitsayo ndi mlamu wa bwana wamkulu. Ya Fanta salandira, ndipo mawu akuti "tangopangani, tikonza Lolemba" sawamva n'komwe. Ife amene tikukumbukira Cashgate ya 2013, pamene makampani ankalipidwa ndi boma osaperekako ndi msomali womwe, tiyenera kulemekeza aliyense wofunsa kuti katundu ali kuti.

Ndi mkhalapakatinso. A ku procurement ndi a ku akaunti amatha chaka akulankhulana pa imelo yokha, chikhalirecho maofesi awo ndi oyang'anizana. Bwana Error akangotsokomola, onse amaunjikana kumbuyo kwa mnyamata wa IT, mapewa kukhudzana. Iye amatsegula tsamba la SWI1 mu SAP n'kuyamba kulondola mapazi a pepala lokanidwalo sitepe ndi sitepe. Apa ndiye zobisika zimayamba kutuluka. Pepala lakhala milungu itatu m'bokosi la munthu amene anapuma pa ntchito chaka chatha, ndipo palibe anaikidwa m'malo mwake. Mwina wina anasintha mzere wa osaina, zinayenda bwino poyeserera, koma posamutsira ku system yeniyeni anasamutsa theka. Mwinanso mapepala amene anayamba ulendo kusinthako kusanachitike akuyendabe njira yakale, pamene atsopano atenga ina.

Kenaka mnyamata uja amatembenuka n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi mabwana, amayamba kusaina ndani?" Mayankho amabwera anayi, onse osiyana, onse otsimikiza. Kampani ya zaka makumi awiri imazindikira tsiku limenelo kuti mzere wake sinaugwirizanepo. Alangizi ochokera ku Johannesburg akanalipiritsa mamiliyoni kuti atulukire zimenezi. Bwana Error atiuza ulere, m'mawu osakwana mzere umodzi.

Nanga kudzichepetsa kwawo! Amasenza milandu ya aliyense osadandaula. Amene anaiwala fayilo m'dirowa, amene anapita ku nkhomaliro n'kubwera 3 koloko, onse amauza kasitomala kuti "system ikuvuta, mubwere mawa." Bwana Error amangokhala duu, ngakhale tsikulo sanatulukeko. Ndipo vuto likakonzedwa, mnyamata wa IT n'kudzutsa ntchito yoimayo pa SWPR, iwo amachoka osapempha alawansi, kuyamikiridwa konse n'kupita kwa amene anakuwa kwambiri.

Choncho ndikupempha kuti mphoto ya wogwira ntchito wa chaka ino ipite kwa iwowa. Fomu ndalemba kale, bwana wamkulu asainanso mokondwera. Tsoka lake asaina a HR asanaione, ndiye mwini mphotoyo waikana.