Nyumba ya ku Namiwawa Yapeza Mwini

Mu Blantyre nyumba yakale sigulidwa mwakachetechete. Chikwangwani chikangochoka pageti ku Sunnyside, ku Nyambadwe kapena ku Namiwawa, pomafika madzulo nkhani imakhala ili m'kamwam'kamwa pa Wenela, aliyense ndi mtengo wakewake. Imene yatekesa anthu sabata ino ndi ina ya njerwa zofiira ku Namiwawa, ya khonde lozungulira ndi chumuni pamwamba, yokhala pakati pa poloti lalikulu moti woitana ali kugeti, a kukhitchini samumva.

Madobadoba atatu akulumbira kuti wogulayo anamupeza ndi iwo, ndipo aliyense akudikira komishoni yake. Makondakitala a minibasi za ku Chilomoni, amene amadutsa chakumeneko tsiku ndi tsiku, mlandu anaugamula kalekale: "Bwana uja wagula dothi, osati nyumba. Angogumula, amange mafulati, lendi izingolowa." Apaulendo ambiri amavomereza ndi mutu.

Kumsika nkhani ndi ya mizukwa. Akuti mzungu amene anaimanga amayendabe padenga usiku. Mlonda wina wa nyumba yoyandikana nayo anaseka mpaka misozi. Iye akuti mu siling'i mwadzaza mileme ndi makoswe, ndipo phokoso la pakati pa usiku ndi mapeyala akugwera pamalata. Amayi a tomato sanagonje: "Inu achimwene, peyala limatsokomola?"

Amene ndawamvetsera kwambiri ndi amisiri achikulire. Iwo akamaitchula nyumba yotere maso amawala. Makoma ndi okhuthala, denga lili m'mwamba, mu Okutobala mkati mumazizira popanda fani, ndipo zitseko za mlombwa zoterozo lero simungazipeze olo mutanyamula ndalama m'thumba la feteleza. Koma chikondi chawocho chili ndi maso. Amati wogula akwere kaye kudenga ndi tochi, agogode mitanda aone ngati chiswe sichinadye mkati n'kusiya khungu lokha. Mawaya a magetsi a nthawi imeneyo ngofunika kuchotsa onse. Mapaipi achitsulo amachita dzimbiri mpaka madzi kumangodontha. Ndipo ngati pagalaja pali denga la asibesitosi, anyamata asaliphwanye ndi hamala, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo. Wina anawonjezera kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene amawerengera mtengo wogulira wokha, osaika ya simenti ndi penti, amathera m'chipinda chimodzi, zinazo zili zokhoma.

A m'maofesi nkhawa yawo ndi mapepala. Malo ambiri m'tauni muno ndi a lizi ya zaka 99, ndiye zatsala zingati? Ngongole ya masiteleti kukhonsolo inalipidwa? Kunthambi ya zamalo dzina limene lili m'kaundula ndi la wogulitsayo? Funso lalikulu ndi la ana a malemu: anavomera onse, kuphatikizapo uja ali ku Joni? Nyumba zambiri zakale ndi chuma chamasiye, ndipo wosafunsa bwino amalandira makiyi lero, mawa lake samani.

Ine mtima wanga uli ndi amisiri aja. Mandala House inamangidwa mu 1882 ndipo ikadali chiimire, anthu akumweramo khofi ndi kuwerengamo mabuku, chifukwa panapezeka oisamala. Nyumba zina za msinkhu wocheperapo zasanduka maloji, maofesi ndi sukulu za mkaka, ndipo zimenezo sindidandaula nazo malinga makoma ndi mitengo zatsala. Chimene chimandiwawa ndi kuona mibawa ndi jakaranda, zimene zinatenga moyo wonse wa munthu kuti zikule, zikugwa m'mawa umodzi, bwalo lonse n'kuthiridwa konkire. Madzi a mvula amene akanalowa pansi amathamangira kumitsinje monga Mudi, ndipo amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa chimene madzi othamanga amachita mumzinda wa mapiriwu.

Agogo ena a ku Ndirande, amene anaphikira azungu m'nyumba zoterezi dziko lisanalandire ufulu mu 1964, anamva nkhaniyi n'kuwomba m'manja. Iwo masiku amenewo ankalowera khomo lakuseri, kugona kwake kuboyizikota. Atamva kuti wagula ndi mwana wa konkuno, anangopempha chimodzi, kuti tsiku lina adzaloledwe kukhala pakhonde lakumaso n'kumwa tiyi.

Kumudzi kwa wogulayo nakonso uthenga wafika, koma za khonde ndi mlombwa sizikuwakhudza. Amva zoti kuseri kuli zipinda zitatu zopanda munthu ndi malo okwana mizere ya chimanga. Akuti amalume asankha kale mphwawo woti adzakhalemo pofuna ntchito m'tauni, ndipo azakhali atumiza mbewu ya maungu pabasi.