Mvula ya FIFA, Matope a Ochemerera

Akuluakulu akale anati walira mvula walira matope. Ankanena mlimi amene watha mwezi wonse wa Novembala akudandaula dzuwa, koma mvula itangogwa n'kuyamba kunyinyirika kuti njira yakumunda yaterera. Ndi mwambi wotseka munthu pakamwa: unapempha wekha, pirira. Masiku ano mawuwa akugwera okonda mpira wamiyendo, amene ataona mitengo ya matikiti a World Cup ya 2026 anayamba ndi kupukuta m'maso, poganiza kuti mwina wolemba anawonjezera ziro mwangozi.

Kulira mvulaku kunayamba kalekale, ndipo wotsogolera nyimbo anali Africa. Pokonzekera mpikisano wa 1966 ku England, FIFA inapereka malo amodzi okha oti mayiko a mu Africa, Asia ndi Oceania alimbirane. Mayiko a mu Africa, Ghana ya Kwame Nkrumah ili patsogolo, ananyanyala. Kunyanyalako kunaphula kanthu, chifukwa mu 1970 Africa inapatsidwa malo akeake amodzi, omwe anatengedwa ndi Morocco. Mu 1982 malowo anakhala awiri, mu 1994 atatu, mu 1998 asanu. Kenako kunachita ng'amba yaitali mpaka mu Januwale 2017, pamene FIFA ya Gianni Infantino inavomereza kuti matimu achoke pa 32 afike pa 48, ndipo pambuyo pake Africa inatsimikiziridwa malo 9.

Mvula yake inali yamkuntho. Masewero 104 m'malo mwa 64, mizinda 16, mayiko atatu: United States, Canada ndi Mexico. Ngakhale Cape Verde, dziko la pazilumba la anthu ongopitirira pang'ono theka la miliyoni, inapeza khomo kwa nthawi yoyamba. Ndani akanadandaula?

Matope anabwera pang'onopang'ono, mwaulemu. Mu 2018, pamene mayiko atatuwa ankapempha kuti mpikisano uchitikire kwawo, analemba kuti tikiti yotsika mtengo idzayambira pa $21. Mu Seputembala 2025 FIFA inalengeza kuti yotsikitsitsa ndi $60, ndipo yodula kwambiri ya fainolo ndi $6,730. Mu Disembala kunatuluka mitengo ya matikiti operekedwa kudzera m'mabungwe a mpira a mayiko, omwe amapita kwa ochemerera enieni, aja otsatira timu yawo ngakhale ikugonja. Pamenepo tikiti yotsika mtengo ya fainolo ya pa MetLife Stadium ku New Jersey inali $4,185, yapamwamba $8,680. Pamtengo wa kubanki wa nthawi imeneyo wa pafupifupi K1,750 pa dola, yotsika mtengoyo inkapitirira K7 miliyoni, munthu asanagule tikiti ya ndege, asanapeze pogona, asanamwe ngakhale madzi.

Bungwe la Football Supporters Europe linawerengera kuti wotsatira timu yake kuyambira masewero oyamba mpaka fainolo ayenera kutulutsa $6,900 poyambira, pafupifupi kasanu poyerekeza ndi ku Qatar mu 2022, ndipo linati FIFA yapereka ochemerera. Ku Qatar matikiti a alendo anali pakati pa $69 ndi $1,607. Mu 1994, ku America komweko, anali pakati pa $25 ndi $475. Zigoli sizinakule, mphindi zake zikadali 90.

Chachilendo china ndi mtengo wosakhazikika. Kwa nthawi yoyamba pa World Cup, FIFA inati mtengo uzikwera kapena kutsika molingana ndi kuchuluka kwa ofuna kugula. Aliyense amene anaimapo pa siteji ya minibasi madzulo mvula ikuwaza amaidziwa sayansi imeneyi: kondakitala amayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana mzere wa anthu, mtengo n'kusintha pomwepo. Kusiyana kwake n'kwakuti kondakitala munthu akhoza kumunyengerera kapena kumuuza kuti amadziwana ndi amalume ake, pamene kompyuta ya FIFA ilibe amalume. Komabe nayo imagwa nayo. Pa Club World Cup ya 2025, tikiti ya semifainolo ya Chelsea ndi Fluminense pa MetLife pomwepo inatsika kuchoka pa $473.90 kufika pa $13.40 m'masiku ochepa. Amene anafulumira kugula anakhala moyandikana ndi amene anazengereza, akuonera mpira umodzimodzi, wina akudya bwino, wina akuwerengera m'mutu.

Kale, dobadoba wa matikiti ankabisala kuseri kwa bwalo, maso ali kwa apolisi. FIFA inaona kuti ntchitoyi ndi yabwino, yosafunika kuisiyira anthu wamba. Inatsegula msika wake pa intaneti woti munthu agulitsirepo tikiti imene anagula kale. Msikawo utatsegulidwa, ku United States ndi ku Canada wogulitsa ankadzitchulira yekha mtengo, ndipo FIFA inkadula 15 peresenti kwa wogulitsa, 15 peresenti ina kwa wogula. Tikiti ikaikidwa pa $1,000, wogula amalipira $1,150, wogulitsa amalandira $850, ndipo $300 imapita kwa mwini msika, yemwe tikiti yomweyo anaigulitsa kale ulendo woyamba. Ku Mexico malamulo anakana, moti kumeneko tikiti sinkayenera kupitirira mtengo umene inagulidwira.

Phokoso litakula, FIFA inaonetsa chifundo. M'mwezi womwewo wa Disembala inalengeza matikiti a $60 pa masewero onse, fainolo yomwe. Nkhani yabwino, mpaka munthu atatenga pensulo. Timu iliyonse imapatsidwa 8 peresenti ya mipando ya m'bwalo, ndipo matikiti achifundowa ndi 10 peresenti ya gawo limenelo. M'bwalo la anthu 80,000, ndiye kuti anthu 640 a dziko lonse lathunthu. Tcheyamani wa masapota amene angagawe matikiti amenewo popanda kudana ndi abale ake ayenera kupatsidwa mendulo yakeyake.

Kwa Mmalawi kapena Mzambia amene angafune kukangoonera za eni, matope anayambira pakhomo. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kuyesa lamulo loti ofuna visa yokacheza azisiya chikole cha $5,000, $10,000 kapena $15,000, ndipo mayiko awiri oyamba kusankhidwa anali Malawi ndi Zambia. Ma Flames sanafikepo ku World Cup, koma pa mndandanda uwu dziko linalowa popanda masewero achipulula.

Apa ndiye pamene mwambi uja ukufunika kuufunsa mafunso. Kumudzi, mvula ikagwa imanyowetsa munda wa mfumu ndi wa mkazi wamasiye yemwe, ndipo matope amadetsa mapazi a onse. Wolira mvula amapirira matope chifukwa cha chimanga chake. Mvula ya mpirayi ili ndi maso. M'zaka zinayi zothera ku Qatar FIFA inapeza $7.5 biliyoni, ndipo pa zaka za 2023 mpaka 2026 inakonza zopeza $13 biliyoni. Timu yotenga chikho inalonjezedwa $50 miliyoni. Chimanga chikumera ku Zurich, kulikulu la FIFA, matope ali m'nsapato za wochemerera wa ku Dakar ndi Glasgow.

A FIFA ali ndi poyankhira, ndipo si bodza lokhalokha. Amati bungwe lawo silopanga phindu, ndalama zimabwerera ku mabungwe 211 a mpira, kuphatikizapo Football Association of Malawi, ndipo lililonse likhoza kulandira mpaka $8 miliyoni pa zaka zinayi kudzera mu ndondomeko ya FIFA Forward. Amatinso anthu anapempha matikiti oposa 500 miliyoni pa gawo limodzi lokha la malonda, kotero palibe amene akukakamizidwa. Chimene satchula mokweza n'chakuti mabungwe 211 omwewo ndi amene amavota posankha pulezidenti wa FIFA, lililonse voti imodzi. Ochemerera alibe voti, ali ndi mawu ndi ng'oma basi.

Komatu mvula yopanda matope ochuluka inagwapo. Mu 2010 ku South Africa kunali matikiti a eni dziko a R140, pafupifupi $20. Zitaoneka kuti anthu ambiri alibe intaneti kapena khadi ya kubanki, mu Epulo chaka chimenecho FIFA inatsegula malo ogulitsira pamanja, anthu n'kugona pamzere. Matikiti 120,000 anaperekedwa ulere, ena mwa iwo kwa amene anamanga mabwalo. Anthu amenewo ndiwo analiza mavuvuzela mpaka azungu a pa wailesi yakanema anadandaula kuti sakumvana.

Ndipo pali ena amene anakana kuponda matope. Mu Febuluwale 2016, eni timu ya Liverpool atalengeza tikiti ya £77, ochemerera pafupifupi 10,000 anadzuka pa mphindi ya 77 n'kutuluka m'bwalo lawo la Anfield. Timu yawo inali patsogolo 2-0 pa Sunderland, koma masewero anatha 2-2. Pasanathe sabata eni timu anapepesa ndi kuchotsa mtengowo. Vuto la World Cup n'lakuti munthu amene walipira K7 miliyoni satuluka pa mphindi ya 77. Ameneyo amakhalabe pampando mpaka ogwira ntchito atayamba kusesa.

Ya 2030 ndiye yakonzedwa mokulirapo. Idzachitikira ku Morocco, Spain ndi Portugal, koma masewero atatu oyambirira adzaseweredwa ku Uruguay, Argentina ndi Paraguay, pokumbukira zaka 100 chiyambireni mpikisanowu ku Montevideo. Mayiko asanu ndi limodzi, makontinenti atatu. Wochemerera amene timu yake idzagwere kumeneko adzawoloka nyanja ya Atlantic pakati pa masewero oyamba ndi achiwiri. Akuluakulu a mpira a ku South America anapempha kale kuti matimu adzakhale 64.