Mame Odontha Oyilo

Amene anapeka mwambi woti mlendo ndi mame anali asanaonepo njinga yamoto. Sindikunyoza makolo athu ayi, iwo ankanena zoona za nthawi yawo. Mlendo wa masiku amenewo ankabwera ndi mapazi, n'kudya, n'kugona, tambala akalira n'kutola ndodo yake, dzuwa likamati litenthe iye ali kale tsidya lina la dambo. Mapazi safuna sipeya. Mapazi sadikira kondakitala wa minibasi yochokera ku Lilongwe. Pomuphera nkhuku mlendo wotere unkadziwa kuti ndi imodzi yomweyo, mawa mubwerera ku nkhwani wanu mwamtendere.

Ine ndinayesapo kukhala mame chaka china m'mwezi wa Ogasiti, pamene ndinaganiza zochoka ku Blantyre pa kanjinga kanga ka 125cc mpaka ku Livingstonia. Chifukwa chomveka ndinalibe. Ndinali nditangoonera Long Way Down, ulendo umene Ewan McGregor ndi Charley Boorman anayenda mu 2007 pa njinga za BMW, kuchoka ku John o' Groats ku Scotland mpaka ku Cape Town, n'kudutsa muno m'Malawi momwe. Mtima unangoti nanenso ndine mwamuna. Chimene sindinachipenyetsetse n'choti kumbuyo kwa azunguwo kunkabwera magalimoto onyamula dokotala, ojambula ndi katundu. Kumbuyo kwanga kunali chikwama chomanga ndi malegeni, chigubu cha malita asanu, ndi manambala a anzanga a kusekondale.

Manambalawo ndiwo anali bajeti yonse. Munthu wa ulendo wautali pa njinga yamoto saona mapu ngati mmene anthu ena amaonera. Ena amawerenga kuti Balaka, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay. Iye amawerenga kuti nkhomaliro, pogona, potchaja foni, posamba madzi otentha. Mnzako amene mwatha zaka 15 osapatsana ngakhale moni amasanduka m'bale wako wa bere limodzi tsiku limene wazindikira kuti nyumba yake ili pomwe tanki yako imathera. Umayamba mofatsa pa WhatsApp: "Achimwene, kusowa kumeneku bwanji?" Akangoyankha kuti "Tilipo," basi, wagwera m'mbuna.

Tsiku loyamba mwambi unagwira ntchito bwinobwino. Ndinawoloka Shire pa Zalewa, kenako n'kusiya M1 kulowa M5, ndipo ku Salima ndinafika chisisira, msana uli gwa, nkhope ili mbuu. Mnzanga wa kumeneko anandipatsa madzi, nsima ndi bulangete. Pomwe ana ake ankadzuka, ine n'kuti ndili m'njira. Mpaka lero amandiyamikira kuti ndine munthu waulemu. Sadziwa kuti ulemuwo unali wa injini, ine ndinangokwerapo.

Pa Chia ndinagula chambo chinayi n'kuchikoleka pa hendulo kuti ndisakafike chimanjamanja kwa mnzanga wachiwiri, mphunzitsi wa ku Nkhotakota. Kutatsala pang'ono kufika pa boma, njinga inatsokomola kawiri, n'kukhala chete ngati mwana amene walakwa. Ndinaikankha mpaka pa mtengo wa mango pomwe panali makaniko. Mnyamatayo anamasula pulagi, naigunditsa pa injini, naponda kiki, koma moto osaoneka. Anapukusa mutu.

"Koyilo yapsa, bwana. Ikanakhala ngati izi za akabaza tikanaipeza pompano. Koma mtundu wanuwu, mpaka ku Lilongwe."

Mnzanga anandilandira ngati ndabwera ku Joni ndi katundu. Alamu anatenthetsa madzi, tambala wina amene m'mawa womwewo ankalira monyada anapezeka ali m'mbale, pambali pake mpunga wa konko wonunkhira mpaka kwa aneba. Ndinapepesa za vuto la njinga, n'kulonjeza kuti mawa kapena mkuja ndinyamuka. Mnzanga anandigwira paphewa.

"Musadandaule achimwene, pano m'pakwanu. Mlendo ndi mame."

Ananena yekha, ine sindinamukakamize.

Usiku njinga sigona panja, zimenezo aliyense akudziwa. Tinaikweza pakhonde anthu atatu n'kuilowetsa pabalaza, pakati pa sofa ndi kabati ya mbale za alendo. Tsono m'nyumba mwa alamu pansi panali pa simenti yofiira, yopaka polishi Loweruka lililonse, yowala moti ukhoza kumetera ndevu. M'mawa tinapeza pansi pa injini pali kadontho kakuda, kukula ngati chitumbuwa. Alamu anakayang'ana nthawi yaitali. Sananene kanthu. Anapita kukhitchini, nabwera ndi mbale yachitsulo yogobeka, naiika pansi pa injini mwaulemu ngati akupereka chakudya kwa apongozi. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba monse usiku munkamveka tho, kenako bata, kenako tho. Mame a makolo athu ankagwa panja, pa udzu. Anga ankagwa pabalaza.

Koyilo inagulidwa ku Lilongwe tsiku lachiwiri, msuweni wanga n'kuipereka kwa kondakitala wa minibasi. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 200 kudzera ku Salima, wa maola ochepa chabe. Foni ya kondakitalayo inazima masana. Inayaka mawa lake ali ku Dwangwa, ndipo anandifunsa mokalipa chifukwa chake sindinamudikire pa siteji. Phukusi litabwerera, makaniko analitsegula n'kuseka chamumtima: koyilo yanga inali ya mawaya anayi, yobwerayo ya atatu. Inakweranso minibasi kubwerera kwawo. Kachitsulo kameneko kanaona dziko kuposa mwini ulendo.

Pamene izi zinkachitika, kalendala yeniyeni inali m'mbale ya ndiwo. Pakhomo pa Mmalawi palibe amene angakuuze kuti wakhalitsa, mphika ndiwo umalankhula. Tsiku loyamba tambala uja. Lachiwiri chambo chimene ndinabwera nacho ndekha. Lachitatu mazira. Lachinayi usipa. Lachisanu kondowole ndi chigwada chotendera, chokoma kwabasi, moti ndinayamikira mokweza, kumene kunali kulakwitsa chifukwa tsiku lachisanu ndi chimodzi chinabweranso chigwada chomwecho, koma nsinjiro zitasowamo. Nsinjiro zikachoka mu ndiwo, mlendo wanzeru amayamba kumanga katundu. Ine katundu ndinali nditamanga kale, chosowa chinali moto wa pulagi.

Dzina langanso linkatsika limodzi ndi ndiwo. Ndinafika ndili "alendo athu ochokera ku Blantyre". Pofika Lachinayi ndinali "ankolo". Kenako ndinamva alamu akuuza mayi wina kuseri kwa mpanda kuti "a njinga aja akadalipo". Tsiku limene anandipatsa thumba la makaka a chinangwa kuti ndipite nalo kuchigayo, ndinadziwa kuti ulendo wanga wauma, ndatsala ine ndekha.

Paja amatinso mlendo sathyola mphasa. Ndi zoona, sindinaithyole, chifukwa sindinagonepo. Amene ankagona pa mphasa anali mwana wawo wa Sitandade 4, mwini bedi limene ine ndinalanda. Masiku oyamba ankandikonda chifukwa ndinkamuveka helumeti n'kumukhazika pa njinga, iye n'kumalira ndi pakamwa kuti thuthuthu. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anandipeza ndikutsuka mkamwa kuseri, naima chapatali manja ali kumbuyo.

"Ankolo, kodi kwanu kulibe bedi?"

Ndinafuna kubweza ndi mwambi wina uja, woti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kanga kanali sipanala ndi sikuludiraiva, ndiye ndinadzipereka kukonza loko wa chitseko cha bafa amene ankavuta pang'ono. Ndinamasula, n'kuthira oyilo wa m'mbale ija, n'kumanganso. Kasipuling'i kamodzi kanatsala m'manja mwanga. Kuyambira pamenepo wolowa m'bafa ankatsekera ndi mwala, kapena kuimba nyimbo mokweza.

Usiku ndikamamvera tho wa pabalaza ndinkadzitonthoza ndi Ernesto Guevara, amene pambuyo pake dziko linamudziwa kuti Che. Mu 1952 iye ndi mnzake Alberto Granado anachoka ku Argentina pa Norton 500 ya 1939 imene anaitcha La Poderosa, kutanthauza yamphamvu. Yamphamvuyo inafera ku Chile. Ulendo wotsala wonse, kudzera ku Peru ndi Colombia mpaka ku Venezuela, anauyenda ndi matola, ndi mabwato, ndi chakudya cha eni. Anali ndi kachenjerero kawo: ankauza munthu kuti lero ulendo wawo wakwanitsa chaka koma alibe chosangalalira, mpaka munthuyo awagulire chakumwa, kenako chakudya. Lero nkhope ya Che ili pa malaya dziko lonse, buku lake linasanduka filimu. Koma amayi amene anamuphikira m'njira monsemo palibe anawafunsa kuti mphika unatha bwanji. Mabuku a maulendo onse amalembedwa ndi mlendo, n'chifukwa chake amadzaza ndi mawu oti anthu a uko ndi okoma mtima. Likanalembedwa limodzi ndi mwini nkhuku, bwenzi tikuwerenga zina.

Koyilo ya mawaya anayi inafika tsiku lachisanu ndi chinayi. Makaniko anaimanga, koma m'mawa wonyamukira njinga inakana kiki. Ndinaponda mpaka thukuta kamukamu, banja lonse litaima pakhonde likuonerera mwakachetechete ngati pa maliro. Kenako alamu anamanga chitenje mwamphamvu n'kutsika.

"Ikani mugiya yachiwiri, alamu. Gwirani kilatchi."

Kumene anaphunzira zimenezi sindikudziwa. Anakankha iwo, amuna awo ndi mwana wa bedi uja, koma mphamvu yeniyeni inkachokera kwa alamu. Sindinaonepo munthu akukankha chinthu ndi mtima wonse chotero. Injini italira sanasiye msanga, anathamanga nane mpaka pa tala, kuopa kuti mwina ingasinthe maganizo. Ndili ku Dwangwa pakati pa minda ya nzimbe m'pamene ndinaona kuti pa chikwama changa amangirirapo kathumba ka mpunga ndi mtedza wokazinga.

Zotsalazo zinayenda ngati nthano. Nkhata Bay, Mzuzu, kutsetsereka kwa Chiweta nyanja ili nyezinyezi kumunsi, kenako pa Chitimba kukhotera ku msewu wa Golodi, wa makona 20 okhota ngati chigongono, wokwera kukafika pamene Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894. Kanjinga kanakwera mugiya yoyamba kakulira ngati mbuzi ya pa chinkhoswe, koma kanafika. Ndinajambulitsa pa mathithi a Manchewe n'kutumizira aliyense.

Pobwerera manyazi anandigwira. Ndinati anthu aja ndisakawaonetsenso nkhope yanga chaka chino, ndiye ndinatsata M1, kuzizidwa ndi nkhungu ya ku Chikangawa, kudutsa pa Jenda, n'kukagona ku resitihausi ku Kasungu ndi ndalama zanga. Ndikuvula nsapato, foni inalira. Anali alamu.

"Muli pati, alamu? Madzi ndatenthetsa kawiri."

Ndinayamba kufotokoza za msewu, za nthawi, za mafuta. Anandidula.

"Ndiye mwadzera ku Kasungu? Takulakwirani chiyani ife? Nkhuku tapha kale, ndipo mwanayu wayala yekha mphasa pabalaza kuyambira masana."