A Pulofesa Khutu akufuna alawansi

Nsambo za gitala zakwera mtengo, abale anga, ndipo palibe phungu ndi mmodzi yemwe amene waima kuyankhulapo. Za shuga anthu alira, za mafuta afola mizere, koma ife oimbira pakhonde tikufa chamumtima. Yanga yoduka ndi yoonda ija, yapansi penipeni. Kusitolo mnyamata anati sagulitsa imodzi, ndigule paketi yonse. Atatchula mtengo ndinamufunsa ngati gitalayo ikubwera pomwepo. Iye anangoti, "Ndi dola, bambo." Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola ndi amene akusenza milandu yonse m'dziko muno, ndi ya bonya yomwe.

Ndinakhotera kwa wokonza njinga, tinamasula waya wa buleki, n'kusololapo kachingwe kamodzi. Nditakamanga, aphunzitsi anga anavomereza kuti kakulira bwino kuposa ka ku China.

Aphunzitsiwo ndi a Pulofesa Khutu. Amakhala kumanzere kwa mutu wangawu. Akumanjawo ndi achiwiri awo, ndipo ntchito yawo ndi kulandira madandaulo a mayi a kunyumba. A Pulofesa sanapondeko kukoleji. Digiri yawo anaitengera pa wailesi ya kaseti ya amalume, tikubweza nyimbo za Alleluya Band ndi bolopeni kuti mabatire asathe. Umamvera kachigawo, kuimitsa, kusakasaka ndi chala chimodzi pakhosi pa gitala mpaka mawu agwirizane, kenako kubwezanso, mpaka wailesi itatafuna kaseti ya eni ake.

Pa kafukufuku yenseyo a Pulofesa anatulukira makodi atatu: G, C ndi D. Analamula kuti nyimbo zonse za pansi pano zili m'menemo. Chokwiyitsa n'choti nthawi zambiri amalondola. Ndi atatu omwewo taimba pachinkhoswe, pamaliro, ndi pa msonkhano wa banki mkhonde. Nyimbo ikafuna kodi yachinayi, a Pulofesa amati woipekayo anali ndi matama.

Tsoka linagwa ku kwaya. Amayi otsogolera nyimbo anati G ikuwatsitsa kwambiri, ndiye akwayamasitala anatembenuka n'kuti, "A gitala, tipite ku B flat." Ndinayang'ana kumanzere. A Pulofesa anali atapita kutchuthi osatsanzika. Achiwiri awo anati si dipatimenti yawo. Ndinayamba kupotokola makiyi ochunira ndi nkhope ya munthu wodziwa, uku thukuta likutsika.

Anandipulumutsa ndi mphwanga, wophunzira zoimba uja amene kunyumba timamuseka kuti amaimba ndi pensulo. "Amalume," anatero monong'ona, "makodi anuwo ndi 1, 4 ndi 5, doh, fah ndi soh wa kwaya yomweyi. Kiyi iliyonse ili nawo." Anatenga pensulo yomwe ija, kuigoneka pa fureti yachitatu, kuimanga ndi mphira, n'kuti ndigwire monga mwa masiku onse. Ndinakhwatcha G wanga wakalekale, panatuluka B flat. Nthawi yomweyo a Pulofesa anabwerako kutchuthi n'kulengeza kuti zimenezi ankazidziwa kale, amangofuna kumuyesa mwanayo.

Komatu musawaseke kwambiri akuluwa. Mu 1967 Gerhard Kubik, katswiri wochokera ku Vienna, anapeza anyamata awiri a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, akuimba zimene makutu awo anatola pa magalamafoni. Anawajambula, n'kulemba buku lathunthu lofotokoza zomwe zala zawo zinkachita. A Giddes Chalamanda anagwedeza TikTok atapitirira zaka 90. Manotsi amalondola mapazi a khutu, sayamba ndi iwo. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwana wa khutu lakuthwa timamutcha lova, pomwe m'masukulu ambiri amamaliza Sitandade 8 atajambula gitala m'kope la Expressive Arts koma asanaikhudzepo. Zomwe mphwanga anandiuza m'mphindi imodzi zikanatha kuphunzitsidwa pansi pa mtengo, popanda dola aliyense.

Ndiye tagwirizana kuti Loweruka lililonse mphwanga azibwera ndi buku lake, theka la ola tiziwerenga masikelo, kenako tiziimba mpaka aneba atseke mawindo. Iyenso ali ndi lake vuto: mukamulanda pepala, zala zimauma gwa, moti nyimbo ya pawailesi amandifunsa ine kuti yayambira pati.

Otsala ndi a Pulofesa. Ndawauza kuti si kuchotsedwa ntchito, ndi maphunziro owonjezera luso chabe. Ayankha kuti iwo ndi munthu wamkulu, sangapite ku wekishopu yopanda alawansi, ndipo ngati n'kotheka ikachitikire kunyanja ku Mangochi.