Mutu umodzi ndi denga la Lasha

Agogo akanamuona Lasha Talakhadze, mwambi wawo uja woti mutu umodzi susenza denga akanayamba aubisa kaye kuchipinda. Chimphona cha ku Georgia chimenechi, mu 2021 ku Tashkent, chinazula makilogalamu 267 pansi n'kuwaimika pamwamba pa mutu. Amenewo ndi matumba asanu a chimanga, kuwonjezapo ndowa yosadzaza. Yekhatu. Pamasewera onyamula zitsulo amenewa palibe wokugwirira. Zikakukanika umangotaya chitsulocho n'kudumphira kumbali.

Ndiye ine ndinati ndikawatsutse makolo. Ndinalowa mu jimu ina m'tauni muno, mimba ili patsogolo. Kochi anandipatsa chitsulo chachitali chopanda kanthu, cha makilogalamu 20. Zinandinyansa. Ndinaloza zimbale zofiira zija, za 25 chimodzi.

"Bambo, yambani mwanjuta," anatero.

Kunjuta! Chinthu choti ndinachiyamba ndisanamere mano. Koma kunjuta chitsulo chili m'mwamba, mikono itatambasuka, zidendene zili pansi, ndi nkhani ina. Mawondo ankagwedera ngati a kamwana ka mbuzi kongobadwa kumene. Chala chachikulu amachipinda n'kuchipanikiza ndi zinzake pachitsulopo, akuti kagwiridwe kake ndi kameneko. Chimawawa ngati chapanidwa ndi chitseko cha minibasi. Choko m'manja, thukuta m'maso, mpweya wosaoneka komwe walowera.

Nanga mutu? Kochi ankangokuwa, "Chotsani mutu chitsulo chidutse!" Kaya ndi kanyamulidwe ka snatch, kaya ka clean and jerk, zosenza ndi miyendo ndi chiuno. Mutu ntchito yake n'kuzinda basi. Matthias Steiner wa ku Germany angachitire umboni: pa Olimpiki ya ku London mu 2012, makilogalamu 196 anamugwera pakhosi chakumbuyoku. Mwamwayi anadzuka.

Kutacha, pakhonde ndinatsika chammbali ngati nkhanu. Za kuchimbudzi tisanene, pali ana. Mayi a kunyumba anandithowa ntchafu ndi madzi otentha uku akuseka, mwana anandimangira zingwe za nsapato, alamu n'kundikankhira m'minibasi ngati katundu. Nditawerenga ndinapeza mitu inayi, wanga womwe, yonseyo kulimbana ndi chitsulo chopanda kanthu.

Agogo, mwambi wanu nawu, ndabweza wosathyoka. Ku jimu kuja ndinalipira mwezi wathunthu. Wofuna masiku 29 otsalawo andipeze, tikambirana.