Za Munthu Woweta Nsomba Zosadyedwa

Ulimi wa nsomba m'Malawi muno umamveka pokhapokha ngati mapeto ake ali mumphika, n'chifukwa chake mlimi wa chambo kapena makumba safunsidwa chimene anakumbira dziwe, pamene mlembi wa danga lino, amene amaweta tinsomba tosafika kutalika kwa chala chamkombaphala m'thanki yagalasi pabalaza, amakhalira kuyankha mafunso a abale, anansi ndi apongozi. Tinsombati timatchedwa killifish, ndipo mtundu umene iye anasankha ndi wa Nothobranchius, nsomba za m'zithaphwi za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, zimene moyo wake wonse, kuyambira kuswa mpaka kufa, umakwana m'dzinja limodzi.

Nsombazi si zachilendo kuno. Ya mtundu wa Nothobranchius kirki, imene katswiri wa nsomba R. A. Jubb anailemba m'mabuku a sayansi mu 1969, imapezeka m'madambo a m'chigwa cha Chilwa ndi Chiuta, ndipo inzake, Nothobranchius wattersi, ya m'zithaphwi za cha ku Salima, inapatsidwa dzina lake mu 2013 ndi gulu la akatswiri limene munali Enoch Ng'oma. Choncho kansomba kamene anyamata oweta ng'ombe amakaponda osakaona n'komwe ndi komweko kamene anthu a ku Ulaya amatumizirana mazira ake papositi, atalipira ndalama zenizeni. Mlembiyu, amene anakulira pafupi ndi zithaphwi zotere, anamva za nsombazi pa intaneti kwa azungu, ndipo mogwirizana ndi mwambo wa anthu a m'tauni wokhulupirira katundu wakunja, anayamba ndi Nothobranchius guentheri wa ku Zanzibar, amene odziwa amati ndi wopirira ndipo amakhululukira woweta wosadziwa kanthu.

Yamphongo ili ndi mamba obiriwira ngati mtambo, okhala ndi mzere wofiira m'mphepete, ndi mchira wofiira kuti psuu, pamene yaikazi ndi yotuwa, yosadzionetsera, yongosamala za kudya ndi kuikira. Poswana, yamphongo imakumbatira yaikazi ndi zipsepse zake n'kuikanikizira pansi pamatope, dzira limodzi n'kutsalira m'menemo, ndipo zimatero tsiku ndi tsiku mpaka chithaphwi chitauma, makolo onse n'kufa. Mazira aja amatsala m'dothi lamakande chilimwe chonse ali m'tulo timene asayansi amatitcha diapause, kutanthauza kuti kamwana kali m'dzira kamaimitsa kaye kukula kudikira madzi, ndipo mvula ikagwa tiana timaswa m'maola ochepa, moti n'zosadabwitsa kuti ena amati nsombazi zimagwa ndi mvula. Nothobranchius furzeri wa ku Gonarezhou m'dziko la Zimbabwe amatha kukhwima m'masabata awiri kuthengo, n'kukalamba m'miyezi yochepa, ndiye chifukwa chake ofufuza za ukalamba amamukonda. Mlembiyu amamvetsa moyo woterewu popanda womuphunzitsa, pakuti ndi moyo wa malipiro ake: amafika akunyezimira, amavuta kwa masiku ochepa, kenaka amasiya chilala chachitali.

Kasamalidwe kake si kovuta papepala. Thanki ya malita 30 imakwanira yamphongo imodzi ndi zazikazi ziwiri kapena zitatu, chifukwa zamphongo ziwiri zimang'ambana zipsepse, ndipo yaikazi ikakhala yokha imatopa ndi chibwenzi chosapumira. Madzi a pampopi ayenera kugona kaye mundowa kuti klorini, mankhwala ophera tizilombo amene amapheranso nsomba, auluke. Kutentha kwake kukhale cha m'madigiri 24. Ndipo kamchere pang'ono kamathandiza kupewa matenda otchedwa velvet, amene amaoneka ngati fumbi lagolide pathupi la nsomba. Chivundikiro n'chofunika popeza killifish zimadumpha, ndipo mphaka wa anansi amadziwa zimenezi kuposa mabuku. Ubwino wake waukulu kwa Mmalawi ndi wakuti nsomba yozolowera chithaphwi siidandaula msanga magetsi akazima n'kuimitsa kapampu ka mpweya, ndipo pankhani ya kupirira mdima, nsomba ndi mwini wake amafanana maphunziro.

Vuto lili pa chakudya. Nsombazi zimanyoza zakudya zouma za m'sitolo, zimafuna chamoyo chogwedera, makamaka mphutsi za udzudzu ndi tinyongolotsi. Zotsatira zake n'zakuti bambo amene usiku amagona m'neti ndi banja lake lonse, amenenso amavomera ndi mutu alangizi a zaumoyo akamaphunzitsa zokwirira zithaphwi, amasunga ndowa ya madzi obiriwira kuseri kwa bafa, ndipo m'mamawa uliwonse, asanavale taye, amanjuta pandowapo ndi sefa ya tiyi, akuwenderera mwakachetechete chifukwa mphutsizo zikangoona chithunzithunzi chake zimathawira pansi. Iye amanena kuti akuchepetsa malungo, popeza mphutsi iliyonse yodyedwa ndi udzudzu umodzi wochotsedwa, ndipo mfundoyi ndi yoona pa tsiku lokhalo limene sanaiwale kukolola. Mayi a kunyumba anagula sefa ina, imene amaibisa.

Koma chimene chaika mbiri ya munthuyu pachiswe ndi kuswetsa mazira. Woweta amaika m'thankimo kakontena ka majarini kokhala ndi peat, dothi lofewa la zomera zowolerana, kapena makoko a kokonati opera, atawiritsa kaye, ndipo nsomba zimalowamo kukaikira. Pakatha sabata imodzi kapena awiri amatulutsa dothilo, kulifinya m'kansalu mpaka litasiya kudontha koma lisanaume, kulimanga m'kajumbo, kulemba dzina la nsomba ndi tsiku, n'kulibisa pamalo amdima kwa miyezi iwiri kapena itatu. Nthawi ikayandikira amafukula dothilo ndi chala, ndipo akaona kadzira kangati njere ya mpiru kali ndi timaso tiwiri tozungulidwa ndi mzere wagolide tikumuyang'ana, amadziwa kuti yakwana nthawi yothira madzi ozizirira bwino. Tiana tikaswa timadyetsedwa Artemia, tizilombo ta m'madzi amchere timene natonso timagulidwa ngati mazira ouma, ndipo dothi lija amaliumitsanso kuti adzalinyowetse kachiwiri, chifukwa mazira ena amakana kuswa ulendo woyamba, imene ndi nzeru ya chilengedwe yopewera kuti mtundu wonse usathe ndi mvula yonama ya chizimalupsa.

Zonsezi ndi sayansi, koma sizioneka choncho kwa apongozi amene abwera kudzacheza n'kupeza, pansi pa malaya a mkamwini wawo mudilowa, kajumbo ka dothi lakuda kolembedwa mawu achilendo ndi tsiku. Mafotokozedwe akuti m'dothimo muli nsomba sanathandize. Chionetsero chimene mkamwiniyo anakonza kuti adziyeretse, pothira madzi m'beseni pamaso pa banja lonse, chinaononga mlandu kotheratu, pakuti dzuwa lisanalowe, m'beseni muja munali tinsomba tikusambira, ndipo apongoziwo, atayang'ana kwa nthawi yaitali, anangofunsa mwana wawo motsitsa mawu ngati bambo a anawa anayamba liti kuyendayenda. Chimene chinamupulumutsa ku mbiri ya kukhwima ndi umphawi wake wokha, popeza abale atakambirana anagwirizana kuti munthu wokhwima sakwera minibasi.

Funso la mayi a kunyumba, lakuti "Bambo a ana, nsomba zanuzi tidzadya liti?", silinayankhidwebe, ndipo kunena zoona thanki yonse singakwane ndiwo za mwana mmodzi, pamene ndalama yomwe yapita pagalasi, pakapampu ndi pamazira ikanagula usipa wa miyezi ingapo. Owerenga amene akufunabe kuyesa ayambe ndi guentheri, agule chivundikiro ndi sefa yawoyawo, ndipo apongozi awafotokozere za kajumbo kaja asanakapeze okha.