Ukaloya Udzera Pakamwa

Chiyambire mwezi wa Novembala 2023, pamene kwacha yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ine mtsibweni wa mnyamata wophunzira zamalamulo ku London ndakhala ndikugulitsa mbuzi ziwiri pamene kale imodzi inkakwanira, ndipo sindikadang'ung'udza konse zikadakhala kuti ndalamazo n'zogulira mabuku, koma taonani, mwana wa mlongo wangayo walemba kuti, "Atsibweni, mundionjezereko ya chakudya chamadzulo, pakuti icho ndi mbali ya maphunziro."

Mnyamatayo sananame ayi. Ku Mangalande munthu saloledwa kukhala loya wa mkanjo ndi wigi, amene eniake amati barrister, asanalowe m'gulu limodzi mwa magulu anayi akalekale, ndiwo Lincoln's Inn, Gray's Inn, Inner Temple ndi Middle Temple; ndipo mwambo wa makolo awo unali wakuti wophunzira aliyense, mbadwa ndi mlendo yemwe, azidya chamadzulo m'nyumba ya gulu lake pamodzi ndi akuluakulu, alembi nawerenga masiku amene wadya monga momwe amawerengera mayeso amene wakhoza. Lero asakanizamo nkhani ndi maphunziro ena, koma gome likadalipo. Pagome lotere anakhalapo Gandhi wa ku India, amene anatsiriza ku Inner Temple mu 1891, munthu wosadya nyama ndi wosamwa vinyo, amene anzake ankamlimbirana kuti gawo lake la vinyo ligwere iwo. Anakhalaponso a Orton Chirwa athu, amene anatuluka ku Lincoln's Inn mu 1958.

Pamenepa mpamene mtima wanga wawawa, pakuti ngati nzeru za malamulo zilowera pakamwa, ndani m'boma lathu lino amene angandipose? Ndadya pamaliro ndi paziliza, ndadya pazinkhoswe za anthu amene ngakhale maina awo sindinawafunse, ndipo sipanapezeke ndi tsiku limodzi lomwe pamene mbale inabwerera kukhitchini ikundineneza za ulesi. Mwa chiwerengero cha Angerezi, ine ndinayenera kukhala mkulu wa majaji kalekale, ndipo amayi a kunyumba ali okonzeka kuikira umboni molumbira, atanyamula mphika. Ngakhale mutu wanga unakonzekeratu, popeza Mlengi anausesa bwino lomwe, nausiya dazi loyembekeza wigi ya ubweya wa kavalo.

Za wigiyo, majaji a eniake anaivula pa milandu yosakhala yaupandu m'chaka cha 2008. Koma ife, ophunzira okhulupirika koposa mphunzitsi, tinaigwiritsabe pakati pa dzuwa, kufikira mu Okutobala 2019 pamene kutentha kunachititsa oweruza mlandu wa chisankho ku Lilongwe kulola kuti mawigi ndi mikanjo zipumeko. Ndikadakhala ine pampandopo, ndikadalamulanso thobwa.

Koma lekani ndiike chipande pansi pang'ono. Mlendo wofika ku London amkhazika pagome, nampatsa mkulu pambali pake womuuza mmene bwalo lao liyendera, woyamba kulankhula ndani, wogwadira ndani. Malamulo a Angereziwo anafika kuno mu 1902, ndipo papita zaka zoposa 120. Nanga ndani anamkhazikapo pansi mlimi wa kwathu kuti amfotokozere? Pabwalo la anyakwawa munthu amadziwa pokhala, amadziwa poombera m'manja, namva mawu onse onenedwa za iye. Kukhoti aimirira yekha m'kabokosi, m'dziko limene anakwiriramo mchombo wake, namva mlandu wake ukukambidwa m'Chingerezi, iye n'kumatola zimene womasulira wamgwetsera. Sadziwa kuti belo ndi ufulu wake, sadziwa kuti boma lili ndi maloya othandiza osauka, ndipo akhala pa rimandi miyezi yambirimbiri chifukwa cha nkhuku. Akulu anati mlandu suola, koma munthu woudikira m'ndende amaola. Indetu wophunzira wachilendo weniweni ndi ameneyu, ndipo palibe anamuitanapo ku chakudya chamadzulo.

Chotero ndipempha akuluakulu a zamakhoti, mwaulemu wonse ndi mawondo ali pansi, kuti azitulukako m'maofesi, adze pansi pa mtengo wa kachere, atiuze malamulo athu m'chinenero chathu. Wigi angaisiye kunyumba, sitidzawafunsa. Ndipo inu awerengi, mukadzamva kuti pamsonkhanopo paphikidwa nsima, munditumizire mthenga msanga, pakuti maphunziro anga sindinatsirize.